Njanji ya ku Salima pakhonde panu

Mwezi watha tinakambirana za kasungidwe ka madzi akumwa m'nyumba. Mwezi uno maso athu ali pa tchuthi chachitali cha ana asukulu, chomwe chayandikira.

Tchuthi ndi mpumulo kwa aphunzitsi, koma kwa ife makolo ndi mayeso. Kuno kunyanja mwana akadzuka m'mawa wopanda chochita, miyendo imamutengera kumodzi mwa malo atatu: padoko kukathandiza kukoka makoka kuti apatsidwe kausipa ka m'manja, kunyumba yoonetsera kanema, kapena pafoni ya achimwene ake. Anyamata ena akalawa ndalama ya padoko sabwereranso m'kalasi sukulu zikatsegulira. Ena amabwerera, koma akukodza magazi.

Kungoletsa sikokwanira. Mawu akuti “usapite” amagwira ntchito akatsagana ndi akuti “bwera tichite ichi”. Choncho ndikupatsani ntchito imodzi yomwe banja lonse lingaigwire kwa milungu ingapo popanda kugula zinthu zodula: kumanga njanji yaing'ono pakhonde, yokhala ndi sitima yake, mabogi ake, mlatho, mapiri, mudzi ndi nyanja.

Si chibwana cha ana okha

Ndikudziwa kuti abambo ena aseka kale. Kwathu kuno zoumba ng'ombe zadongo ndi kupinda galimoto zawaya timazitenga ngati za ana osavinidwa. Koma m'mayiko ambiri kumanga njanji zazing'ono ndi luso la akuluakulu. Ku Germany kuli kampani ya Märklin yomwe inayamba mu 1859 ndipo mpaka lero imapanga tisitima totere. Ku England dzina lodziwika ndi la Frank Hornby wa ku Liverpool, yemwe tisitima take tinayamba kugulitsidwa mu 1920. Mumzinda wa Hamburg muli malo otchedwa Miniatur Wunderland, omwe anatsegulidwa mu 2001, kumene anthu amalipira kuti akaone tisitima tikuyenda pakati pa mizinda ndi mapiri opangidwa ndi manja. Ngakhale mumpingo mwathu, pakati pa maluso omwe a Pathfinder amaphunzira n'kulandirapo baji pali lina lotchedwa Model Railroad.

Ife tilibe masitolo a zinthu zimenezo, koma manja tili nawo. Luso la ana a ku Malawi lopanga galimoto zawaya linafika mpaka m'buku la ana lotchedwa Galimoto, lomwe Karen Lynn Williams anatulutsa mu 1990, ndipo likuwerengedwa kunja. William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, anapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo kuchokera ku zinthu zotayidwa ali mnyamata. Mwana amene mukumukalipira chifukwa chotola mawaya akhoza kukhala mmisiri wa mawa. M'mera mpoyamba.

Yambani ndi mbiri

Musanagwire waya, khalani pansi madzulo amodzi mukambe za njanji yeniyeni. Ndikafunsa ana a kumpingo kwathu kuti ndani anakwerapo sitima ya pamtunda, manja amene amakwera ndi owerengeka, chonsecho njanji idutsa m'boma lathu lomwe lino.

Njanji yoyamba m'dziko muno inachokera ku Nsanje, komwe nthawi imeneyo kunkatchedwa Port Herald, n'kufika ku Blantyre mu 1908. Inadutsa pa Luchenza m'boma la Thyolo, komwe mishoni yathu ya Malamulo inali itayamba mu 1902. Mu 1935 mlatho wa Dona Ana pa mtsinje wa Zambezi, wotalika makilomita oposa atatu ndi theka, unatha kumangidwa, ndipo chaka chomwecho njanji yochokera ku Blantyre inafika ku Salima kudzera pa Balaka, Sharpevale, Golomoti, Mtakataka ndi Chipoka. Kwa zaka zoposa 40 Salima ndiye anali mathero a njanji, ndipo katundu wa ku Lilongwe ankatsikira kuno n'kukwera magalimoto. Njanji yopita ku Nacala kudzera pa Nkaya ndi Nayuchi inatsegulidwa mu 1970. Ku Lilongwe inafika mu 1979, ku Mchinji mu 1980, ndipo mu 2010 inalumikizidwa ndi Chipata ku Zambia.

Pa Chipoka ndi pomwe njanji imakumana ndi nyanja. Sitima ya Ilala inapangidwa ku Scotland, inabwera zidutswazidutswa kudzera ku Mozambique, n'kulumikizidwa m'dziko muno, ndipo inayamba kuyenda panyanja mu 1951.

Ngati pamudzi pali agogo amene anakwerapo sitima masiku amenewo, aitaneni afotokoze okha: mipando inali yotani, pa siteshoni pankagulitsidwa chiyani, ulendo wa ku Limbe unkatenga nthawi yotani. Mwana wina alembe m'kope. Zimenezi ndizo mudzamange.

Muyeso ndiwo mwini nkhani

Chimene chimasiyanitsa chidole wamba ndi ntchito yaluso ndi muyeso. Ngati munthu wadongo aposa chitseko cha siteshoni, kapena mbuzi ikula ngati bogi, maso amakana msanga. Anzathu akunja ambiri amagwiritsa ntchito muyeso wotchedwa HO, pomwe chilichonse amachichepetsa ka 87. Pa muyeso umenewo munthu wamkulu amatalika masentimita awiri okha. Zimenezo n'zazing'ono kwambiri kwa ife opanda zipangizo.

Ife tiyambire pa gudumu. Chitsekerero cha botolo la pulasitiki n'chotambalala pafupifupi masentimita atatu, ndipo gudumu la bogi silikwana mita imodzi. Ndiye tichepetse chilichonse ka 30. Lamulo ndi limodzi basi: yezani chinthu chenicheni, gawani ndi 30.

Njanji za m'Malawi zinatalikirana mamilimita 1,067, chimodzimodzi za ku Zambia, Mozambique ndi South Africa. Mukagawa ndi 30 mupeza masentimita atatu ndi theka, kuposerapo pang'ono. Munthu wotalika masentimita 165 akhala wa masentimita asanu ndi theka. Chitseko cha mamita awiri chikhala pafupifupi masentimita 7. Bwato la mamita 6 likhala masentimita 20. Mlambe wa mamita 15 ukhala theka la mita. Masamu amenewa asiyireni mwana wa Sitandade 6 kapena 7. Amene amalira ndi kugawa m'kalasi mudzamuona akuwerengera yekha pamchenga, chifukwa tsopano yankho ali nalo ntchito.

Pa chinthu chimodzi chokha mukhoza kuzemba. Bogi la mamita 12 liyenera kukhala masentimita 40, ndipo atatu otere adzadzaza khonde. Afupikitseni akhale masentimita 25. Amisiri akunja nawo amachita chimodzimodzi malo akawachepera.

Kuyala njanji

Sankhani malo osafika mvula ndi mbuzi, otalika mamita atatu kapena anayi. Musavutike ndi njanji yozungulira. Yanu ikhale yowongoka, kuchokera ku Chipoka mbali ino kukafika ku Salima mbali inayo, sitima muziikoka ndi kachingwe. Ngati muli ndi chitseko chakale kapena matabwa otsala, mangani pamenepo kuti muzitha kunyamula.

Yambani ndi kamtumbira ka dothi kotalika ngati chala chopingasa, mukatsendere bwino. Njanji yeniyeni amaikweza chomwecho kuti madzi amvula asakhalepo. Pamwamba pake yalani mitanda yopingasa, ya timitengo kapena ya khungu la mapesi, yotalika masentimita 6, motalikirana masentimita awiri. Njanji zenizenizo zikhale za nsungwi yong'amba bwino ndi kupala, chifukwa waya amapindika. Dulani kathabwa kamodzi ka masentimita atatu ndi theka, muzikayika pakati pa njanji ziwirizo paliponse pomwe mukumata. Mukadalira maso, sitima idzagwa pakati pa ulendo.

Pomaliza thirani timiyala pakati pa mitanda. Sefani mchenga wokhakhala ndi sefa yakale, mutenge totsalira pamwamba. Apa pali phunziro. Miyala ya panjanji si yokongoletsa: imagwira mitanda kuti isasunthe, imagawa kulemera kwa sitima, ndipo imalola madzi kudutsa. Munthu wotapa miyala imeneyo kukamangira nyumba akukumba dzenje la anthu ena.

Polumikiza nsungwi ziwiri siyani kampata kakang'ono. Ana akafunsa chifukwa, auzeni kuti chitsulo chimafutukuka chikatentha. Njanji yotalika mamita 100 imawonjezera kuposa sentimita imodzi kutentha kukakwera ndi madigiri 10. Ndi dzuwa la ku Salima la mu Okutobala, njanji yopanda mpata wopumira ikhoza kupindika. Timipata timeneti ndito timachititsa kaphokoso kaja kobwerezabwereza sitima ikamadutsa.

Mabogi ndi mutu wa sitima

Apa ndiye pamafunika kudekha, paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Yambani ndi magudumu, chifukwa akalakwika zonse zalakwika. Gudumu la sitima lili ndi mlomo wotulukira chamkati, womwe umatsamira njanji kuti lisatuluke. Inu dulani kabwalo ka katoni yolimba kokulirapo pang'ono kuposa chitsekerero, mumate kumbali yamkati. Boolani pakati penipeni ndi msomali, ndipo ntchito imeneyi ndi ya wamkulu. Magudumu awiri alumikizeni ndi sipoko yakale ya njinga, yomwe idutse m'kachubu ka bolopeni yotha kuti izizungulira momasuka. Yesani panjanji musanamange thupi. Likamagwedera kapena kukakamira, konzani pomwepo.

Thupi la bogi likhale la katoni. Pangani mitundu ingapo monga zilili panjanji: lotseka la chimanga ndi feteleza, lotsegula pamwamba longa aja onyamula malasha a ku Moatize podutsa pa Liwonde kupita ku Nacala, lathyathyathya lonyamula makontena, ndi lathanki la mafuta, lomwe mungapange ndi chitini chaching'ono chochigoneka. Musagwiritse ntchito chitini cha mankhwala opopera udzudzu kapena a kumunda, ngakhale chioneke chopanda kanthu.

Chimene chimapatsa bogi moyo ndi tinthu ting'onoting'ono. Pindani waya wopyapyala mupange makwerero ndi zogwirira. Matani timizere ta katoni m'mbali kuti zioneke ngati nthiti zachitsulo. Katoni yamabokosi mukaisenda mbali imodzi mkati mwake mumatuluka mizere yonga malata, yabwino padenga la siteshoni. Chitseko chikhale chokoka chammbali. Lembani nambala pa bogi lililonse ndi kulemera kwa katundu yemwe linganyamule. Zolumikizira mabogi zikhale ngowe ndi mphete zawaya, zonse pa msinkhu umodzi. Katundu musamuiwale: timatumba tosoka ndi nsanza n'kuthiramo mchenga, ndi mabelo a thonje lenileni omanga ndi ulusi, poti thonje ndi mbewu yathu kuno.

Mutu wa sitima ukhale ndi chipinda cha woyendetsa, mazenera a pulasitiki yoonekera, nyali kutsogolo, ndi thanki ya dizilo pansi pakati pa magudumu. Ana akuluakulu auzeni kuti m'sitima zambiri zamakono injini ya dizilo siizunguza magudumu yokha. Imapukusa magetsi, ndipo magetsiwo ndiwo amayendetsa mamota a kumagudumu.

Mukatha kupaka utoto, bogi limaoneka latsopano mopitirira. Sitima yogwira ntchito imakhala ndi fumbi ndi dzimbiri. Perani katondo wouma mupake ndi chala m'munsi mwa bogi ndi m'malumikiziro. Perani khala mudetse padenga la injini potulukira utsi. Pakani pang'ono, bwererani m'mbuyo muyang'ane, kenako wonjezerani. Kuchotsa n'kovuta kuposa kuwonjezera.

Dziko lozungulira njanji

Choyamba gwirizanani nyengo. Ngati ndi Okutobala, udzu ukhale wofiirira, milambe yopanda masamba, mitsinje yamchenga. Ngati ndi Febuluwale, kukhale kobiriwira, chimanga chili ndi ngayaye, mpunga wa ku Lifuwu uli m'madzi. Musasakanize, kuopa mango akupsa pambali pa chimanga chokolola.

Guluu wake ndi phala la ufa wa chinangwa: kapu imodzi ya ufa, makapu anayi kapena asanu a madzi, kuphika mpaka litayera ngati galasi. Phikani lokwanira tsiku limenelo, ndipo zomwe mwamata muziumitse padzuwa msanga, chifukwa phala lonyowa limaitana nyerere, mphemvu ndi makoswe.

Mapiri a Senga apangeni ndi mapepala akale okwinya, muwakute ndi mizere ya pepala yoviika m'phala katatu kapena kanayi. Asanaume wazani dothi losefa. Udzu ndi utuchi wa kwa akalipentala. Mlambe umayamba ndi mawaya angapo opota pamodzi, otambasula pamwamba kukhala nthambi, kenako kumata dongo pathunthu mpaka litanenepa. Migwalangwa ndi kamtengo kowongoka ndi masamba odula kuchokera ku mlaza. Mlatho wa pa Linthipe ukhale wa nsungwi zolumikiza m'makona atatuatatu. Apatseni ana timitengo ayese okha: chimango cha makona anayi chimapendama mukachikankha, cha makona atatu sichisuntha. Akadzaonanso mlatho wachitsulo adzadziwa chifukwa chake unamangidwa motero.

Nyanja musathiremo madzi enieni. Madzi okhala m'beseni kapena m'chitini kwa sabata ndi malo oswanirana udzudzu, ndipo sitikufuna kumanga Chipoka n'kuitana malungo pakhonde. Pakani katoni utoto wobiriwira ngati thambo, wakuda pang'ono chakutali, woyererako kugombe, mukute ndi pulasitiki yoonekera yokwinyika pang'ono kuti ioneke ngati mafunde a mwera. M'mphepete ikani mchenga, mabwato osema ku chiwale, thandala la usipa, ndi nkhwazi pamtengo.

Mudzi wachitsanzo

Gawo ili ndilo ndimalikonda monga wa zaumoyo. Pambali pa njanji pakhale mudzi, ndipo nyumba iliyonse ikhale ndi zonse zomwe alangizi a zaumoyo amatiuza: chimbudzi chokhala ndi chivundikiro pabowo, mpondagiya ndi sopo pakhomo pake, bafa, khitchini yotuluka utsi, thandala la mbale, chingwe choyanikapo zovala, dzenje la zinyalala, ndi khola lotalikirana ndi nyumba yogona.

Muyeso uja ubwereranso pano. Chimbudzi chiyenera kutalikirana ndi chitsime kapena mjigo mamita osachepera 30, ndipo chikhale kumunsi kwake. Pa njanji yanu imeneyo ndi mita imodzi yathunthu. Mwana akayeza mita imeneyo n'kuona kutalika kwake poyerekeza ndi tinyumba take, mawa lake adzakayeza ndi mapazi kuseri kwa nyumba yanu yeniyeni. Konzekerani mafunso ake. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja, kuphatikizapo Salima, anali m'gulu la okhudzidwa kwambiri. Kumchenga zimbudzi zimagwa msanga, n'zoona, koma yankho lake ndi kulimbitsa dzenje ndi njerwa kapena nsungwi zoluka, osati kupita kunyanja kapena kutchire.

Mudzi wotere mukhoza kuunyamula kupita nawo kumpingo pa Sabata la zaumoyo. Ndaona anthu amene amasinza pa chiphunzitso cha pakamwa akudzuka kudzaunjirira tinyumba tadongo, n'kumatsutsana okha za pomwe payenera kukhala dzenje la zinyalala.

Zoopsa zofunika kuzipewa

Ntchito yabwino ikhoza kubweretsa matenda ngati zipangizo zake tazitola mosasamala. Nazi zisanu.

Choyamba ndi likodzo. Dongo labwino ndi bango zimapezeka m'madambo ndi m'madzi odekha, momwenso mumakhala nkhono zosunga tizilombo ta likodzo. Tizilomboti timalowa pakhungu, sitidikira kuti munthu amwe madziwo. Dongo katengeni pachulu kapena poumbira njerwa, ndipo bango likhale louma kale. Kumathiriro a mitsinje kulinso ng'ona. Mwana akamakodza magazi kapena kumva kuwawa pokodza, si chizindikiro cha kukula ayi. Mutengereni kuchipatala. Mankhwala ake, a praziquantel, alipo, ndipo akamaperekedwa kusukulu musamuletse kumwa, mungoonetsetsa kuti wadya kaye.

Chachiwiri ndi kafumbata. Anthu amati amachokera ku dzimbiri, koma kachilombo kake kamakhala m'dothi ndi m'ndowe, ndipo waya kapena msomali wakuda umangokatsegulira khomo. Nsonga zonse za waya muzizipinda ndi pulayazi. Wina akadzicheka, tsukani bala ndi sopo ndi madzi oyera ambiri. Musathiremo dothi, phulusa, mafuta a galimoto kapena za m'batire. Bala lakuya lobayidwa likaonedwe kuchipatala tsiku lomwelo, mutatenga buku la kuchipatala kuti aone za katemera.

Chachitatu ndi utsi wa matayala. Ana amadziwa kuti m'tayala muli waya, ndipo amaliwotcha kuti amutulutse. Utsi wakuda umenewo umawononga mapapo ndipo umadzutsa mphumu. Waya wabwino ndi wotsala kwa omanga nyumba ndi masipoko a kwa okonza njinga. Kapempheni, osati kukadula mpanda wa eni ake.

Chachinayi ndi mtovu. Penti ina yamafuta imakhala ndi mtovu, ndipo mabatire a galimoto ndi a sola ndi odzaza nawo. Mtovu umawononga ubongo wa mwana mwakachetechete, ndipo palibe mlingo wake womwe ndi wabwino m'thupi. Gwiritsani ntchito utoto wamadzi wa kusukulu, choko, katondo, makala ndi chikasu. Batire lisaphwanyidwe pakhomo. Timabatire tozungulira ta m'mawotchi ndi m'matochi ang'ono tisakhale pofikira makanda, chifukwa kamodzi kokha kakamezedwa kamawotcha kum'mero m'maola ochepa. Tizitsekerero ndi timiyala nato n'totsamwitsa ana osakwana zaka zitatu. Pomaliza ntchito aliyense asambe m'manja asanadye.

Chachisanu ndi njanji yeniyeniyo. Mudzafuna kukaiona kuti mujambule, ndipo n'zabwino, koma mupite ndi wamkulu ndipo muimire patali. Gudumu lachitsulo panjanji yachitsulo limaterera mosavuta. N'chifukwa chake injini imodzi imakoka katundu wochuluka chotero, n'chifukwa chakenso sitima yolemera singaime msanga. Ikhoza kuyenda mamita mazana angapo, nthawi zina kuposa kilomita, woyendetsa atamanga kale mabuleki, ndipo singakhote kuti ikupeweni. Njanji yooneka ngati yagona isakupusitseni. Osakhala panjanji, osayanikapo kanthu, osadutsa pansi pa bogi loima, osayikapo miyala kapena misomali. Ndipo nati kapena chitsulo chilichonse cha panjanji si chotola. Kuchichotsa ndi kuba, ndipo kukhoza kugwetsa sitima.

Ndiwonjezerepo kamodzi. Neti ya udzudzu imaoneka bwino ngati mpanda wa siteshoni kapena khoka la asodzi anu adongo. Dulani yokhayo yomwe inatha ntchito ndipo ina yalowa kale m'malo mwake. Yogonamo isakhudzidwe.

Bambo, khalani nawo pansi

Bambo ena atamva nkhaniyi anandifunsa kuti, “Alongo, ine ndibwere kotopa kumunda, ndidzakhalenso pansi kumata makatoni? Anthu adzati chiyani?” Ndinawayankha kuti ola limodzi lomwe amathera pabawo pamsika ndi lokwanira, ndipo anthuwo adzabwera kudzaonerera.

Kunena zoona, njanjiyi ndi chifukwa chabe. Chomwe tikufuna ndi chakuti bambo ndi mwana agundane mawondo. Mnyamata wa zaka 13 sangakuuzeni zomwe zikumuvuta mukamuitana n'kumuyang'ana m'maso. Koma manja akakhala pa ntchito, maso ali pa gudumu, pakamwa pamatseguka pokha. Mudzamva za mnzake amene wayamba kusuta, za mphunzitsi amene amamuopa, za zomwe anaona pafoni. Pamenepo musadzidzimuke kapena kukalipa. Pitirizani kumata, mumve mpaka amalize.

Atsikana asasiyidwe kumbali kuti azingotunga madzi a phala. Apatseni pulayazi ndi rula. Anyamata nawo asoke timatumba. Agogo aume ng'ombe ndi anthu. Wamng'ono asefe mchenga. Mutu umodzi susenza denga. Ndipo mwana wa anansi akabwera kudzasuzumira, m'patseni chochita, posayang'ana kuti kwawo amapemphera kuti.

Gudumu la mwana likapendama, musamulande. Muonetseni pomwe palakwika, apangenso yekha. Kachitatu lidzayenda, ndipo chimwemwe cha tsiku limenelo simungachigule m'sitolo. Pamene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza mu 2019 kuti ana a zaka ziwiri mpaka zinayi asapitirire ola limodzi patsiku akuyang'ana kanema kapena foni, ndipo makanda asayang'ane n'komwe, nkhawa yake inali yoti ana akukhala malo amodzi osasewera. Kwa akuluakulu nawonso, foni imachoka m'manja mosavuta ngati m'manjamo mwalowa china.

Ntchito ya manja si yachilendo pa chikhulupiriro chathu. Pa Eksodo 31 timawerenga za Bezaleli, yemwe Mulungu mwini anamupatsa luso la zitsulo, miyala ndi matabwa kuti amange chihema. Ambuye Yesu anakulira m'nyumba ya mmisiri wa matabwa. Mayi Ellen White, m'buku lawo la Education la mu 1903, analimbikitsa kuti mwana aphunzitsidwe mutu, mtima ndi manja pamodzi.

Nanga Sabata? Kudula, kumata ndi kupenta ndi ntchito za masiku asanu ndi limodzi. Lachisanu dzuwa lisanalowe zida zisungidwe, khonde lisesedwe, njanji ifundidwe ndi chitenje. Koma Sabata masana, mukabwera kumapemphero, tulukani ndi ana mukayende. Kaimeni pansi pa mlambe muone momwe nthambi zake zimagawikira. Auzeni kuti maluwa ake oyera amatseguka madzulo ndipo mileme ndiyo imawayendera usiku. Onani mtundu wa nyanja pomwe pali pakuya ndi pomwe pali posaya, ndi kaimidwe ka kakowa. Mwana amene wavutika masiku atatu kupanga mtengo umodzi wawaya, wosaphuka ndi wosabala, amayang'ana mtengo weniweni ndi maso ena, ndipo simufunika kumuuza zambiri za Mlengi.

Kagawidwe ka masabata

Sabata yoyamba ikhale ya mbiri, kujambula pa pepala ndi kusonkhanitsa zipangizo. Yachiwiri yalani njanji ndi kupanga bogi limodzi loyesera. Yachitatu mutu wa sitima ndi mabogi otsala. Yachinayi mapiri, mlatho ndi nyanja. Yachisanu mudzi ndi anthu ake. Ola limodzi kapena awiri patsiku, ntchito zapakhomo zitatha, ndipo Lamlungu mukhoza kuwonjezera. Musathamange. Tsokonombwe anatha mtunda n'kulumpha.

Atsogoleri a Pathfinder ndi Adventurer, mabanja angapo akamanga pa muyeso umodzi wa 30, ndi mpata umodzi wa masentimita atatu ndi theka, zigawo zawo zikhoza kulumikizana tsiku limodzi pabwalo la tchalitchi, banja lina Golomoti, lina Chipoka, lina Salima, sitima imodzi n'kudutsa monsemo. Mukatero tilembereni kudzera kwa mkonzi, mutiuze zomwe zinayenda ndi zomwe munapeza zoposa zomwe ndalemba pano.

Mwezi wamawa tidzakambirana za kuyanika ndi kusunga masamba a nkhwani, chisoso ndi khwanya kuti ndiwo zisasowe m'chilimwe. Ambuye asunge mabanja anu.